Singano ya m'Zochapa: Moyo wa Mayi Marita Chikopa

Malemu amene agona pakati pathu pano, Mayi Marita Chikopa, anabadwa pa 9 Malichi 1963 m'dera la Mfumu Yaikulu Mphuka, m'boma lino la Thyolo. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Sitefano, amene anatisiya kale, ndi Mayi Idah Makwinja, amene makolo awo anachoka ku Mozambiki kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi. Ine ndaimirira pano ndine Reinford Makwinja, mlongo wawo wamkulu, komanso nkhoswe ya banja lawo.

Abusa, mafumu, akuluakulu a ku esiteti, a chipatala ndi anamalira nonse, ndipepeseretu. Pa maliro ngati ano tinazolowera kumva kuti malemu adwala nthawi yaitali, wowerenga mbiri n'kukhala pansi, enafe n'kukamalizitsa nkhaniyo monong'ona pochokera kumanda. Achemwali anga anakana zimenezo. Anandiitana ali gone m'chipatala, nandilamula kuti ndidzanene zonse poyera, pakuti dzina lawo linadetsedwanso poyera. Choncho mundipirire. Mbiriyi ndi yaitali, ndipo penapake ikupwetekani monga ikundipwetekera ine.

Sukulu anayamba mu 1971 kufupi ndi Masambanjati. Mutu unalipo, makamaka pa masamu, koma mu 1978 bambo athu atamwalira, anasiyira Sitandade 7 kuti athandize mayi kulera ang'ono athu. Mu 1979 anabatizidwa mu mpingo wa Sabata, ndipo sanasunthemo mpaka tsiku lawo lomaliza. Anali a Dorika, gulu la amayi othandiza ovutika, ndipo anatumikira ngati dikonesi zaka zambiri. Amene munakula nawo mukukumbukira kuti sanali munthu wa mawu ambiri, koma akanena kuti ayi, ngakhale mutabwera ndi gulu, inali ayi basi.

Mu Ogasiti 1983 anamanga banja ndi Bambo Ephraim Chikopa a kwa Kapichi, amene anabwera kudzakhala pamudzi pathu pano monga mwa mwambo wathu wa chikamwini. Mulungu anawapatsa ana atatu: Stewart mu 1984, Joy mu 1988 ndi Tinenenji mu 1995. Mu 1985 malemu analembedwa ntchito yothyola tiyi pa esiteti pomwe amuna awo anali akapitawo. Zaka zisanu ndi zinayi analawirira ndi dengu kumsana, mvula ikugwa, mame akufika m'chiuno, zala zitang'ambika. Ndiye mu 1994, pamene anawasamutsira ku kiliniki ya pa esiteti kuti azikachapa ndi kukolopa, pamudzi pano tinasangalala. Tinkati achemwali apulumuka, tsopano azigwira ntchito ya pamthunzi. Sitinkadziwa chimene tinkakondwerera.

Kiliniki imeneyo, masiku amenewo, inali ndi mabedi asanu ndi atatu ndi anamwino awiri. Nthawi ya dzinja, tiyi akachuluka ndi malungo omwe, Lolemba m'mawa mzere unkafika kumsewu. Ndipo inu ndi ine timadziwana: tikapita kuchipatala n'kutipatsa mapilisi okha, timabwerako tikung'ung'udza kuti sanatithandize. Aliyense ankafuna jakisoni. Namwino akabaya uyu, winayo akubuula kale pabedi lina, singano ija ankangoisomeka pa matiresi kapena kuiika pansalu, ati adzaitola akamaliza. Potayira penipeni panalibe. Magolovesi analipo ochepa, otsekeredwa m'kabati, osungira azamba. Wochapa ankalowetsa manja ake enieni m'nsalu za magazi ndi zonyansa zonse za odwala, ndipo palibe ankaona kuti pali cholakwika, ngakhale ochapawo.

Mu Febuluwale 1998, tsiku Lachiwiri, dzuwa linatuluka patapita sabata yathunthu ya mvula. Zochapa zinali zitaunjikana. Malemu ndi anzawo a pantchito, Mayi Rhoda, anathamangira kuti nsalu ziume mitambo isanabwerere. Pofinya nsalu ya pabedi la bambo wina amene anali atatheratu ndi matenda, ndipo anamwalira sabata lomwelo, singano ya jakisoni inawalowa pachala chapakati cha dzanja lamanja. Inalowa kwambiri, moti anachita kuizula. Mayi Rhoda anawafinya magazi, nang'amba kansalu n'kuwamanga. Kenako onse awiri anabwerera pa mwala wochapira, poti dzuwa silidikira munthu.

Mayi Rhoda anawauza kuti akanene kwa adokotala. Malemu anakana. Ankadziwa namwino amene anasiya singanoyo: mtsikana wongoyamba kumene ntchito, amene ankathamanga yekha wodi yonse tsiku limenelo. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, sangamuchotsetse ntchito chifukwa cha kabala ka pachala. Komanso tinene zoona, masiku amenewo wochapa anali ndani kuti akaime pamaso pa adokotala n'kuneneza namwino? Anafika pakhomo ndi chala chomanga, ife n'kuyesa kuti adzicheka ndi mpeni. Bala linapola patatha masiku anayi, ndipo nkhani inaiwalika.

Mu 2002 a zaumoyo anaitanitsa antchito a m'zipatala ku maphunziro a kapewedwe ka matenda ofala m'chipatala momwemo. Kwa nthawi yoyamba anaitana ndi ochapa omwe. Malemu anapita atatchena, akuseka kuti akalamba akubwerera kusukulu. Kumeneko ndi kumene anamva koyamba kuti singano yobayira wodwala imatha kusunga kachirombo m'mimba mwake, ndi kuti wobayidwa nayo ayenera kunena msanga, osagoneka. Anandiuza chaka chino kuti mphunzitsi akulankhula, iwo anangoyang'ana chala chija, m'makutu muli zii. Zaka zinayi zinali zitadutsa kale. Anabwerera kunyumba, ndipo sanauze aliyense chimene chinawadetsa nkhope.

Kuyambira pamenepo achemwali anasanduka munthu wina pantchito. Mabokosi otayira singano asanabwere, anatola zigubu za mafuta ophikira, kuziboola pamwamba, n'kumangirira chimodzi pafupi ndi bedi lililonse. Nsalu iliyonse ya magazi inkayamba yaviikidwa m'madzi a jiki mphindi khumi munthu asanaikhudze, ndipo ankaima pompo kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Anathetsa beseni limodzi lomwe odikirira odwala ankasambamo m'manja onse motsatana, wamkulu poyamba, mwana pomaliza, madzi atada bii. Anati aliyense azithiriridwa ndi jagi, ndi sopo. Otsokomola anawatulutsa pabenchi ya amayi a makanda n'kuwakhazika pakhonde popita mphepo. Dzenje lotayira zinyalala, lomwe linali pambalambanda, mbuzi ndi ana akuseweramo, analimangira mpanda wa nsungwi ndi manja awo.

Musaganize kuti anthu anawaombera m'manja. Ambiri a inu munakwiya nawo. Akuluakulu ankati mayi ameneyu ndi wamwano, akutithirira madzi ngati tili ndi khate. Otsokomola ankati akusalidwa. Anamwino ena ankafunsana kuti kodi wochapa wakhala dokotala liti. Munawapatsa dzina loti Mayi Jiki, ndipo ndikuona ena mukuweramitsa mitu, poti dzinalo linatuluka pakamwa panu. Iwo sanadandaule nalo. Mukawaitana choncho ankavomera ndithu, kenako n'kukufunsani ngati mwasamba m'manja.

Mu 2003 anachita chinthu chimene ine ndinayesa kuti ntchito yawathera. Dzinja lonse anasunga singano iliyonse imene anaipeza m'zochapa, akuitola ndi kachopanira. Zinakwana makumi anayi ndi imodzi. Tsiku lina amanijala atabwera kudzayendera kiliniki, malemu anatuluka kochapira ndi epuloni yonyowa, naika chigubu chija patebulo pamaso pa onse. Anangonena kuti: "Bwana, izi ndazipeza ndi maso. Zimene sindinazione zikanandipeza ndi manja." Anawonjeza kuti sadzachapanso nsalu imene mwini wodi sanaikutumule yekha. Mwezi usanathe, magolovesi okhuthala ofika m'zigongono anabwera, ndi nsapato za jombo, ndi mabokosi otayira singano. Patapita nthawi anamanganso ng'anjo yowotchera zinyalala. A kiliniki andiuza kuti kuyambira chaka chimenecho mpaka lero, palibe wochapa kapena wokolopa amene wabayidwanso pamalopo.

Koma anatseka khomo mbala italowa kale. Zaka ziwiri anakhala ndi mantha, osalimba mtima kukayezetsa. Mu 2004 anayamba kutsokomola, thupi linatsika, mashingozi anawatuluka m'nthiti. Mu Okutobala chaka chimenecho anakayezetsa magazi, ndipo anawapeza ndi kachirombo koyambitsa Edzi. Ndalitchula dzinalo, abale anga, chifukwa eni ake anandituma kuti ndilitchule. Tsiku lomwelo anauza amuna awo, osabisa, ndipo anawapempha kuti nawonso akayezetse pamodzi ndi mwana wotsiriza. Bambo Chikopa anapezeka alibe. Mwananso analibe. Malemu anagwada kuthokoza Mulungu, osadziwa kuti nkhani yabwinoyo ndi imene iwaphere banja.

Mu Disembala 2004 tinakhala pansi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pakhonde la nyumba iyi mukuionayi. Funso linali limodzi: ngati mwamuna alibe, mkazi wakatenga kuti? Malemu anafotokoza za singano ija, modekha, natambasula chala. Chipsera sichinkaoneka n'komwe. Mmodzi wa akuchimuna anafunsa kuti: "Kodi singano yakhala mwamuna liti?" Anthu anaseka. Achemwali anapempha kuti tiitane Mayi Rhoda, amene anali atapuma ntchito n'kusamukira ku Luchenza. Tinawayankha kuti nkhani za m'banja saitanira mlendo, mwambo sulola. Ndikuti tinawayankha, chifukwa inenso ndinavomereza.

Apa ndiye pamene pali mlandu wanga, ndipo mlandu suwola. Ine ndinali nkhoswe yawo. Ntchito yanga tsiku limenelo inali kuima kumbuyo kwa mlongo wanga. Koma mumtima mwanga ndinkati ku kiliniki kumafika amuna ambiri, madalaivala ndi makalaliki, ndani akudziwa? Munthu amene ndinakula naye, amene sindinamuonepo ngakhale akuseka ndi mwamuna wa mwini panjira, ndinamuweruza chamumtima. Ndinaweramira pansi n'kumatokosa dothi ndi kamtengo. Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti nditsekule pakamwa. Sindinatsekule. Sabata lomwelo Bambo Chikopa anamanga katundu wawo panjinga n'kubwerera kwa Kapichi, ndipo pambuyo pake anapempha kuti awasinthire ku esiteti ina.

Mbiri inawanda m'malaini onse a antchito a pa esiteti ngati moto wa m'chilimwe. Kusikelo yoyezera tiyi, kuchigayo, pamjigo, nkhani inali ya Mayi Jiki: aja amatinena ife auve aja, taonani zawo. Ana awo ankabwera kuchokera kusukulu akulira. Chimene chinawapweteka koposa chinachitika Sabata la Mgonero, kumayambiriro a 2005. Pa mwambo wosambitsana mapazi, amayi anagwirana awiriawiri monga mwa nthawi zonse, iwo n'kutsala okha ndi beseni ndi thaulo m'manja. Amene anakhala akusambitsana nawo zaka khumi anayang'ana kumbali. Anaima choncho mpaka amayi abusa anadzuka, kuwakhazika pansi, n'kuwasambitsa. Abusa anadzudzula khalidwe limenelo tsiku lomwelo, ndipo tikuwathokoza. Koma zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe, kuti anthu ankaopa mapazi a munthu amene ankawateteza ku zinthu zoopsa zenizeni. Kachirombo sikayenda m'beseni la mapazi, amayi anga.

Mu Epulo 2005 anayamba kulandira mankhwala otalikitsa moyo ku chipatala cha boma, ndipo thupi linabwerera. Ife tinkati apume, koma anabwerera kuntchito, ndipo ukali wawo unachita kuwirikiza. Wantchito aliyense watsopano, kaya ndi wokolopa kaya ndi namwino wa satifiketi, ankayamba wadutsa kochapira. Ankamuuza za iwo eni, osachita manyazi, kenako n'kumulangiza kuti akadzabayidwa asadzasunge ulemu wa munthu, adzathamange kukanena ola lomwelo, poti tsopano mankhwala oteteza alipo. Mu 2007 namwino wina atadzibaya pobaya wodwala, nafuna kubisa, malemu anamugwira dzanja mpaka kwa adokotala. Namwino ameneyo ali bwinobwino, ndipo ndi mmodzi wa amene anachezera nawo matenda.

Mu Novembala 2008 chifuwa chachikulu chinawagwira. Analandira mankhwala, koma thupi linali litatopa. Ngakhale pamenepo sanasiye khalidwe lawo: anadzipatula m'kachipinda kakumapeto, zenera lotsekula usana ndi usiku, ndipo mdzukulu wawo ankamuonera pazenera mpaka adokotala atanena kuti sangapatsirenso munthu. Mu Epulo chaka chino anagonekedwa ku chipatala cha boma. Kumeneko ndi kumene Mayi Rhoda, atamva za matenda, anabwera kudzawaona. Ine ndinali panja pabenchi. Osawafunsa, osadziwa n'komwe za mlandu wa pakhonde uja, anayamba kundifotokozera za tsiku la dzuwa lija: nsalu yake, bedi lake, chala chake, ndi kansalu kamene anang'amba ku mpango wawo. Zonse zinali monga achemwali ananenera zaka zinayi m'mbuyomo, ife tikuseka. Mayi Rhoda ali pano, akhala apo pafupi ndi bokosi. Amene akufuna akawafunse.

Ndinafunsa adokotala ngati singano imodzi ingachite zimenezi. Anandiyankha moona kuti sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika, makamaka singano ikalowa kwambiri, ndipo patapita zaka zonsezi palibe angalumbire. Ndikukuuzani zimenezi kuti musati ndabisa kanthu. Koma ine sindikufunanso dokotala woti andiuze kuti mlongo wanga anali ndani. Ndinalowa m'wodi n'kugwada pambali pa bedi, ine wamkulu, kupepesa. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Achimwene, mwachedwa, koma mwafika. Dzukani, pansipo sanakolope bwino."

Mu Meyi ndinapita kwa Kapichi kukawauza alamu anga zimene ndinamva. Anandimvetsera mpaka kumapeto, misozi ili m'maso. Anati abwera akapeza mpata. Malemu ankafunsa tsiku lililonse ngati kwabwera munthu, ndipo tsiku lililonse tinkawauza kuti mwina mawa. Lachisanu pa 12 Juni 2009, cha m'ma 3 koloko masana, Sabata lisanalowe, Mayi Marita Chikopa anatisiya ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Bambo Chikopa anafika pamudzi pano dzulo m'mawa.

Malemu anasiya mawu atatu. Oyamba ndi a namwino uja anasiya singano. Dzina lake sanauze munthu, ngakhale ine, ndipo apita nalo. Anati tisamufunefune, chifukwa mwanayo anapatsidwa odwala makumi asanu ndi manja awiri, popanda potayira. Ngati muli pano mayi, kapena mudzamva, anati mugone tulo.

Achiwiri ndi a inu a kiliniki. Ali m'chipatala anamva kuti magolovesi okhuthala aja anang'ambika ndipo ena sanabwere, kuti jiki akumatha pakati pa mwezi, ndiponso kuti mpanda wa dzenje unagwa ndi mvula. Zinawasowetsa mtendere kuposa ululu wa m'chifuwa. Anati ndikufunseni pamaso pa anthu: kodi mukudikira kuti abayidwe wina? Akuluakulu a esiteti, mwabwera ndi galimoto ndi nkhata ya maluwa, ndipo tathokoza. Koma amayi awiri amene atsala kochapira kuja alinso ndi ana.

Achitatu ndi ovuta, ndipo dzulo tinakangana nawo m'banja muno mpaka dzuwa kupendeka. Ana ndi adzukulu a pamudzi pano amati munthu amene anathawa matenda asalowe m'nyumba ya maliro, ndipo dzina lake lisamveke m'mbiri muno. Mtima wanga unali nawo anawo, sindinama. Koma malemu anandiuza kuti: "Sanandisudzule, anangochita mantha. Powerenga amene ndasiya, musadzawadumphe." Ndipo ine amene ndinakhala chete tsiku lija, ndilibe mphamvu yoloza wina chala.

Choncho malemu asiya amuna awo, Bambo Ephraim Chikopa, amene akhala apo. Asiya ana atatu, Stewart, Joy ndi Tinenenji, ndi mdzukulu mmodzi, Queen. Asiya mayi athu okalamba, Mayi Idah Makwinja, amene lero akuika mwana amene amayembekeza kuti adzawaika iwo. Asiyanso abale asanu, ine ndili momwemo.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi abusa, amayi a Dorika amene anasinthana kudikirira matenda miyezi iwiri, madokotala ndi anamwino a ku chipatala cha boma, anzawo a ku kiliniki, Mayi Rhoda, mafumu amene atipatsa malo, adzukulu amene akumba manda m'chisanu chino, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Mulungu akubwezereni.

Tsopano ndinene mawu amene ndinayenera kunena pakhonde paja mu 2004, achemwali akundiyang'ana. Alamu, akuchimuna nonse, a mpingo, a m'malaini, mundimve bwino, ndipo mukauze amene sanabwere. Mlongo wanga sanayendeyende. Anachapa. Anachapa nsalu za abale anu ndi manja opanda kanthu, ndipo m'menemo ndi mmene anakumana ndi imfa yake. Stewart, Joy, Tinenenji, dzutsani mitu yanu, mayi anu analibe chochititsa manyazi.

Achemwali, mwatopa. Gonani mu mtendere kufikira m'mawa wa kuuka kwa akufa.